Utsi wakuda mukailizanso galimoto ili yotentha

Achimwene, imelo yanu yandikumbutsa zimene zinandisowetsa tulo. Mwati chiikireni ECU (kompyuta yoyendetsa injini) ya MegaSquirt galimoto imalira bwino m'mawa, koma mukaizimitsa kwa mphindi khumi n'kuilizanso imatulutsa utsi wakuda, ndipo geji ya wideband, yoonetsa kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta, imawerenga 11 m'malo mwa 14.7, kutanthauza kuti mafuta achuluka. Ndiye mukufunsa ngati muchepetse mafuta pa tebulo la VE, manambala amene ECU imagwiritsa ntchito powerengera mafuta.

Chonde, tebulo limenelo musaligwire.

Ine ndinazunzika miyezi yambiri ndi Corolla yanga ya injini ya 4A-GE. Pamsewu inkathamanga mokoma. Koma ndikangoima pamsika kugula tomato, pobwerera inkalira monyinyirika, kunjenjemera, fungo la petulo mpaka kulowa m'kati. Madzulo ena ndinamasula mapulagi onse anayi n'kuwayala pansanza. Atatu anali ofiirira bwinobwino, koma la pa silinda yachitatu linali bii ndi mwaye, lonyowa, lonunkha petulo. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali osamvetsa chimene likundiuza.

Ndinapita kwa munthu wina wodziwa zotchuna. Analumikiza laputopu, n'kutsitsa manambala a VE pamene injini imalira galimoto itaima. Utsi unachepadi. Koma kuyambira tsiku limenelo galimoto inayamba kuzima pamaloboti, chifukwa ikayenda kwa kanthawi mafuta ankaperewera. Vuto la masekondi 30 analithetsa powononga ulendo wonse. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, ndipo ndinene mosabisa: munthu wosintha tebulo la mafuta asanaone log (zimene kompyuta yajambula injini ikamalira) akungolota, ngakhale atakhala ndi dzina lotani. Tebulo la VE limanena za mpweya umene injini imakoka. Mpweyawo susintha chifukwa choti munaima pamsika.

Ambiri amathamangira kuloza chala sensa ya IAT, yoyeza kutentha kwa mpweya. N'zoona kuti galimoto ikaima, kutentha kwa pansi pa boneti kumailowerera. Koma taganizirani: ikanena kuti mpweya ndi wotentha kwambiri, ECU imati mpweyawo ndi wopepuka, ndiye imachepetsa mafuta. Zotsatira zake ndi kuperewera, osati kuchuluka. Chimene chimachitika n'choti wina amaona kupereweraku n'kuwonjezera mafuta a afterstart (owonjezera injini ikangolira kumene) mopyola muyeso, kenaka n'kuiwala. Komanso musakhulupirire geji m'masekondi oyambirira. Sensa ya geji ya wideband, monga Bosch LSU 4.9, imagwira ntchito itatentha pafupifupi madigiri 780 a Celsius, ndiye isanafike pamenepo nambala yake si yodalirika.

Yangayo inapezeka bwanji? Ndinabwereka geji ya presha n'kuimanga papaipi ya mafuta. Nditazimitsa injini, singano inatsika kuchoka pa 3 bar kufika pansi m'mphindi zochepa. Ndinazula fuel rail (paipi yogawira mafuta) ma injector (timipopi topopera petulo mu injini) ali momwemo, n'kuwamangirira ndi waya kuti asafwamphuke, n'kuika katoni pansi pake. Nditayatsa pampu, pansi pa injector yachitatu panaoneka kadontho, kenaka kena, katoni n'kumanyowa. Usiku wonse petuloyo ankauma, n'chifukwa chake m'mawa kunalibe vuto. Koma pa mphindi khumi ankakhala adakali momwemo, kudikira kuti ndilize. Ndipo petulo wotere amatsikira mu oyilo n'kumusungunula, ndiye nunkhizani dipstick (kawaya koyezera oyilo) yanu lero lomwe.

Zoti muchite

Jambulani log mu TunerStudio, pulogalamu yotchunira MegaSquirt, kuyambira musanapotokole kiyi, injini ili yotentha. Onani ngati sensa ya madzi ikunena zoona, chifukwa ikawerenga madigiri 60 pamene injini ili pa 90, ECU imawonjezera mafuta ngati kuli m'mawa. Warmup enrichment (mafuta owonjezera injini ikakhala yozizira) ikhale pa 100% injini ikatentha. Afterstart ya kumapeto kotentha ikhale yochepa ndiponso yosakhalitsa, chimodzimodzinso priming pulse (mafuta opoperedwa mukangoyatsa kiyi) ndi mafuta a cranking (a nthawi yoliza). Onaninso dead time ya ma injector (kanthawi kamene amachedwa kutseguka), popeza batire imatsika mphamvu poliza ndipo manambala olakwika pamenepo amawonjezera mafuta. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenaka china. Ngati pulagi imodzi yokha ndi imene yada, siyani laputopu, kabwerekeni geji ya presha. Mukajambula log ija munditumizire ndiione.