Mabushi a control arm: kuchotsa, kuika, ndi chimene chimawang'amba msanga

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti galimoto yake ikumagogoda kutsogolo ikagunda dzenje kapena akaponda mabuleki, ndipo matayala akudyeka mbali ya m'kati. Amakaniko amuuza kuti ndi mabushi a control arm (control arm ndi chitsulo cholumikiza wilo ku thunthu la galimoto, ndipo mabushi ndi malabala okhala pamene imamangidwira), chonsecho chaka sichinathe chiwasinthireni. Akufunsa ngati angawasinthe yekha, komanso chimene chawang'amba msanga chotere.

Achimwene, mungathe, bola zida zikhalepo ndipo musapupulume. Koma ndiyambe ndi funso lachiwirilo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

M'kati mwa bushi ya labala mulibe chimene chimazungulira. Pakati pali kapaipi kachitsulo kodutsamo bawuti, kunja kuli chitsulo china, ndipo labala anamumatira ku zonse ziwiri. Mukamanga bawuti, kapaipiko kamagwidwa zolimba, sikasunthanso. Arm ikamakwera ndi kutsika, chimene chimapotoka ndi labalayo. Tsono taganizani: munthu wamanga bawuti galimoto ili pa jeki, tayala lili lende, arm yalendewera pansi. Akaitsitsa, arm imakwera kubwerera pamalo pake, labala n'kupotokeratu galimoto isanayende n'komwe. Amakhala wopotoka choncho usana ndi usiku, dzenje lililonse likungowonjezera. Ndikuganiza kuti n'zimene zinachitika pa yanuyo. Komabe suzumirani ngati oyilo wa injini kapena wa power steering sakudonthera pomwepo, chifukwa oyilo amafewetsa labala.

Musanamasule kanthu, yezani ndi tepi kuchoka pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa bodi pamwamba pa tayalalo, galimoto ili pansi, mulembe. Kenako ikwezeni n'kuikhazika pa ma stand. Jeki yokha musamaidalire. Onaninso pamene pakhala sipuling'i. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono ili pa shock, ndiye arm imachoka popanda vuto. Koma ngati yakhala pa arm yeniyeniyo, monga pa mapikiapu ena, ndi yopanikizika moti ikafwamphuka itha kupha munthu. Popanda chida choigwirira, imeneyo isiyireni galaja.

Thirani WD-40 pa mabawuti dzulo lake, lekanitsani ball joint (mfundo yolumikiza arm ku mbali ya wilo), masulani link ya stabiliser (chitsulo chochepetsa kupendama kwa galimoto pokhota) ngati yamangidwa pa arm, arm ituluke. Bawuti yokhala ndi wochala wopendekera, wosinthira kaimidwe ka tayala, muyambe mwaiika chizindikiro.

Ntchito yotulutsa thukuta ndi yochotsa bushi yakale, makamaka dzimbiri likagwira. Press ya haidiroliki imaitulutsa mosavuta, ndipo kunyamula arm yokhayo kupita nayo kwa amene ali nayo si manyazi. Kunyumba, bawuti yaitali, manati, mawochala okhuthala ndi masoketi awiri zimagwira ntchito: soketi ina yocheperako kukankha bushi, ina yaikulu kuilandira mbali inayo. Ikakanirira, boolaboolani labalayo ndi dirilo, pakatipo pachoke, lowetsani mpeni wa hakiso, dulani chitsulo chakunjacho osafika pa arm, kenako chigogodeni ndi tchizulo. Ena amaotcha ndi moto. Ine sindizikonda, utsi wake ndi woipa, ndipo ngati arm ndi ya aluminiyamu moto umaifooketsa.

Musanatulutse yakaleyo, onani mmene inakhalira. Mabushi ambiri ali ndi mipata m'labala kapena kamuvi, ndipo mipatayo ili ndi mbali yake yoloza. Lembani pa arm. Palani bowolo ndi sandipepa, ikani bushi yatsopano m'firiza kwa maola angapo kuti chitsulo chinyale pang'ono, ndipo poilowetsa kankhani chitsulo chakunja chokha, osati kapaipi kapakati. Ikayamba kulowa mopendama, bwezani muyambirenso. Bushi yopanda chitsulo kunja imatereretsedwa ndi madzi a sopo, osati girisi.

Pobwezera arm, mabawuti a mabushi angogwira pang'ono. Ikani jeki pansi pa arm, pafupi ndi ball joint, kwezani mpaka muyezo munalemba uja ukwane. Kapena tsitsirani matayala pa ma ramp kuti mupeze polowera. Apo ndiye mangani ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), pa nambala ya m'buku la galimoto yanu. Ngati bukulo likuti mabawuti kapena manati ena sabwerezedwa, gulani atsopano.

Sinthani mbali zonse ziwiri, chifukwa inayo yayenda mtunda womwewo, mukatero pitani ku alignment kukawongoletsa kaimidwe ka matayala, apo ayi matayala apitiriza kudyeka. Koma musanagule mabushi, gwedezani ball joint. Ngati nayonso ikusewera ndipo ndi yosachoka pa arm, kapena arm yapindika, gulani arm yathunthu. Imabwera mabushi ali momo, ndipo mtengo wake nthawi zambiri susiyana kwambiri ndi wa mabushi, ball joint ndi press mukaziphatikiza. Nayonso muimange momwemo, galimoto itakhala pa muyezo wake.