Fyuluta ya oyilo ya MF 290: pitani ku shopu ndi nambala, osati maso okha

Achimwene a ku Katete, funso lanu ndinaliona usiku koma thupi linali litakana, ndiye ndati ndikuyankheni m'mawa uno. Mwati mwagula Massey Ferguson 290 kwa munthu, mukufuna kusintha oyilo mvula isanagwe, koma fyuluta yolembedwa Massey yasowa. Mnyamata wa pa shopu wakuonetsani ina, akuti "ndi chimodzimodzi, imamanga bwinobwino", ndiye mukufunsa ngati mungaikhulupirire. Mwatchulaponso za JCB ya abwana anu.

Fyuluta ya kampani ina ilibe mlandu. Ine ndamanga za Donaldson, Fleetguard ndi Baldwin pa mathirakitala ndi majenereta kwa zaka, injini zake zikulirabe mpaka lero. Za GUD za ku South Africa ndi za Mann za ku Germany nazonso ndi zabwino zikakhala zenizeni. Mawu amene andidetsa nkhawa ndi akuti "imamanga". Zitini zambiri zimamanga, achimwene, ngakhale fyuluta ya dizilo kapena ya hydraulic ikhoza kumanga pamenepo.

Yambani ndi injini, dzina la thirakitala mulisiye kaye. MF 290 inatuluka ndi injini ya Perkins ya masilinda anayi, ija amati 4.248. Koma mathirakitala athu kuno adutsa m'manja ambiri ndipo ena anasinthidwa injini kalekale. Tengani kansanza, munyowetse ndi dizilo, mupukute m'mbali mwa buloko, thupi la injini lija, pamene anadinda nambala. Ikayamba ndi LF ndiye 4.248 yomweyo, ikayamba ndi LD ndi 4.236, pomwe CE ndi ya masilinda atatu ngati ya pa MF 135. Ijambuleni pa foni, chithunzicho chidzakuthandizani pa sipeya iliyonse ya injini, osati fyuluta yokha.

Ma Perkins ambiri a masilinda anayi a mtundu umenewu amalandira fyuluta ya nambala 2654403. Ya Donaldson yolowa m'malo mwake ndi P554403, ndipo mukaona bwino manambala akumapeto ndi omwewo, sivuta kuloweza. Ya Fleetguard ndi LF701, ya Baldwin ndi BT216. Pali mkulu wake wamtali, 2654407, amene kwa Donaldson ndi P554407, kwa Fleetguard LF699, kwa Baldwin BT237. Kafupi kwambiri ndi 2654408, kamene mumakapeza pa za masilinda atatu. Musanatulutse ndalama tsimikizani ndi buku la thirakitala kapena nambala ya injini ija. Makampani onsewa ali ndi malo pa intaneti pamene mumalemba nambala ya Perkins kapena ya Massey, n'kukutulutsirani yawo, kwaulere. Nthawi zonse yambirani pa nambala ya eni injini. Mukatenga nambala ya fyuluta imene mwaipeza pa thirakitalayo n'kufufuza mnzake, mukhoza kungotengera cholakwa cha mwini wake wakale, amene mwina nayenso anasankha ndi maso.

Tsopano nkhani ya mazinga, mizere ija yozunguliza pomanga fyuluta pa injini, pamene ine ndinapsa. Mafyuluta a Perkins ndatchulawa mazinga ake ndi a mainchi, 3/4-16. Injini zambiri za ku Japan zimagwiritsa M20 x 1.5. Kusiyana kwake m'mimba mwake sikukwana ndi milimita imodzi, chifukwa 3/4 ya inchi ndi mamilimita 19 ndi kapang'ono. Ndiye fyuluta ya M20 imalowa pa chitsulo cha 3/4 mosavuta, imazungulira, imaoneka ngati yagwira. Chaka china mu November ndinali kulima munda wa munthu cha ku msewu wa Chadiza. Fyuluta ndinaigula mothamanga pa kashopu kena, nambala osayang'ana. Pomanga ndinamva kuti ikugwedera pang'ono isanafike kumapeto, koma mwini munda anali ataima pambali ndi mbewu yake, mitambo itada kale, ndinangoti zili bwino. Mizere siinakwane khumi. Ndinangoona kagetsi kofiira, kucheuka, mzera wakuda wa oyilo ukunditsatira pa dothi. Mwayi wanga ndinazimitsa pomwepo. Ndikanakhala kuti ndapatsa mnyamata woyendetsa amene amaika nyimbo m'makutu, bwenzi tikukamba za kirankishafuti. Choncho poyesa, zungulizani kawiri katatu kenako muigwedeze. Yoyenera imayenda mosalala koma sisewera. Ikasewera ibwezeni, ngakhale wogulitsa alumbire.

Popita ku shopu nyamulani yakale m'pulasitiki. Gundanitsani ziwirizo pakamwa ndi pakamwa, muone ngati malabala akudawo akukumana ndendende. Labala ikakula kapena kuchepa, imakhala m'mphepete mwa chitsulo n'kuyamba kudontha injini ikatentha.

Zimene maso sangaone ndi mavalavu a m'kati, ndipo n'chifukwa chake ndikulimbikira za nambala. Ilipo valavu imodzi imene imatseguka pepala losefa oyilo likatsekeka ndi zinyalala kapena oyilo akalimba ndi kuzizira kwa June, kuti injini isaume. Oyilo wakuda aposa kusowa oyilo. Injini zina valavuyo ili m'fyuluta, zina, monga ma Caterpillar ambiri, ili pa chitsulo chomangapo fyulutayo. Mukaika fyuluta yopanda valavu pa injini imene ikuyembekezera kuti ilimo, tsiku lotsekeka oyilo alibe kolowera. Valavu yachiwiri ndi kalabala kamene mumakaona mukasuzumira m'timabowo tating'ono tozungulira bowo lalikulu. Ntchito yake ndi kuletsa oyilo kubwerera pansi usiku. Ngati m'mawa kagetsi ka oyilo kakuchedwa kuzima ndipo injini ikugogoda kaye isanakhazikike, kawirikawiri vuto limakhala pamenepo.

Zachinyengo nazo zadzaza, ndipo amakonda kubera maina omwe ndatchulawa. Bokosi amalikonza bwino masiku ano, ndiye musakhutire nalo. Itulutseni, muinyamule. Yabodza imapepuka, utoto umasupuka ndi chikhadabo, zilembo zimakhala zofufutika, m'mazinga mumapezeka tizitsulo totsalira. Mtengo ukatsika kwambiri kuposa m'mashopu ena onse, dzifunseni kuti mwiniyo akupindula pati. Ine chizolowezi changa, fyuluta iliyonse ndikamasula ndimaitsegula chitini n'kutambasula pepala padzuwa. Mu ina ndinapeza pepala lochepa, mapindo otalikirana moti chala chimalowa, guluu atamatuka mbali imodzi, kusonyeza kuti oyilo ankangodutsa osasefedwa. Shopu imeneyo sindinabwerereko. Kutsegulako kumakuuzaninso za moyo wa injini: mukaona tonyezimira ngati mchenga wa golide kapena siliva m'mapindomo, mabeyaringi ayamba kudyeka, kaonaneni ndi makanika msanga. Kwa inu amene mwangogula kumene thirakitala, yoyambayi muitsegule ndithu.

Za JCB, funsani kaye chaka chake. Ma JCB 3CX akale anali ndi injini za Perkins, ndiye mwina mupeza kuti fyuluta yake ndi ya m'banja lomweli. Kuyambira cha m'ma 2004 JCB inayamba kupanga injini zakezake, ndipo zimenezo zili ndi fyuluta yawoyawo, musayese kubwerekana ndi thirakitala. Makina a injini ya Cummins savuta, chifukwa Fleetguard ndiye fyuluta imene amabadwa nayo. Injini ya Cummins 6BT mwachitsanzo imatenga LF3349. Koma pa makina akuluwa chenjerani kwambiri ndi mafyuluta a hydraulic ndi a giya. Kunja amafanana ndi a injini, koma pepala ndi mphamvu ya chitini n'zosiyana, ndipo pampu ya hydraulic mtengo wake abwana anu sadzakuiwalani.

Kogula, yambani mwazungulira mashopu a masipeya m'tauni mwa Chipata muno, ku Down Shops ndi kwina, nambala zonse zinayi mutalemba pa pepala. Zikasowa, tumani munthu ku Lusaka akaike pa basi, koma mumutumizire chithunzi cha nambala, asakanene pakamwa kuti "ya Massey". Ena amadumphira ku Lilongwe kudzera pa Mwami popeza ndi kufupi kuposa Lusaka. Kulikonse mungapeze yeniyeni, gulani zitatu nthawi imodzi. Oyilo pa makina otere timasintha pakatha maola pafupifupi 250, ndipo nyengo yolima ikafika pachimake, mukuyenda munda ndi munda mpaka ku Sinda, maolawo sachedwa kukwana. Nthawi imeneyo ndi yomwe aliyense amafuna fyuluta yomweyo, mashelefu n'kuuma. Gulaninso ya mpweya. Fumbi la September ndi October kuno limalowera kumeneko, ndipo likafika m'masilinda fyuluta ya oyilo ngakhale yodula bwanji siingabweze zimene zadyeka.

Pomanga, onetsetsani kuti labala yakale yatuluka limodzi ndi fyuluta yake, chifukwa imakonda kukakamira pa injini, ndipo malabala awiri akasanjikizana oyilo amathawira pakati. Pukutani pamalopo, pakani labala yatsopano ndi oyilo pang'ono pa chala, muzungulize ndi manja mpaka labala ikhudze, kenako muwonjezere pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi, kapena monga alembera pa chitinipo. Sipanala ya lamba ija ndi yomasulira basi. Thirani oyilo wa 15W-40 wa injini za dizilo, lizani injini, muone kagetsi kazime, muyang'ane pansi ngati pakudontha, muzimitse, mudikire pang'ono n'kuyezanso ndi kamtengo kake. Tengani cholembera mulembe tsiku ndi maola pa chitinipo.

Mukapukuta buloko ija, tumizani chithunzi cha nambala ya injini pamodzi ndi cha fyuluta imene mnyamatayo wakuonetsani, mbali yolembedwa ndi mbali ya mazinga, tiione musanalipire.