Funsani Dokotala: ml, cc, lita ndi supuni ya apongozi

Funso: Adokotala, mwana wanga wa miyezi 9 akutsegula m'mimba ndiponso watentha thupi. Kuchipatala anandipatsa Thanzi ORS ndi mankhwala amadzi oti ndizim'mwetsa 5 ml, koma pa sirinji palembedwa cc. Apongozi akuti ndingogwiritsa ntchito supuni ya tiyi. Thanzi ndasungunulira m'kapu poti mwana sangamalize lita yonse. Ndalakwitsa? Mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Mayi, za sirinji mtima ukhale m'malo. ml ndi cc ndi muyeso umodzi, maina okha ndiwo awiri. Kokani mankhwala mpaka pa 5. Apongozi sakunama kwenikweni, chifukwa supuni ya mankhwala imalowa 5 ml, koma masupuni a m'nyumba zathu ena ndi akuya, ena ndi osaya, ndipo kwa khanda kusiyana kumeneko n'kwakukulu. Musasokonezenso ml ndi mg. ml ndi kuchuluka kwa madziwo, mg ndi kulemera kwa mankhwala amene ali m'madzimo.

Chondidetsa nkhawa ndi kapuyo. Paketi ya Thanzi inayezedwa kuti isungunuke mu lita imodzi, ndiye kuti 1,000 ml. Kapu wamba imalowa pafupifupi 250 ml. Mukathira paketi yonse mmenemo, mchere ndi shuga zimachuluka kanayi kuposa muyeso wake. Madzi oterowo amakoka madzi m'thupi kupita m'matumbo, kutsegula kumakula, ndipo mchere ukachuluka m'magazi mwana akhoza kukomoka. Chonde tayani zimenezo lero lomwe. Tengani botolo la 500 ml lotsuka bwino, mulidzaze kawiri ndi madzi owiritsa atazizira, kuthira madziwo m'chiwiya chachikulu chotsuka bwino kuti akwane lita imodzi, ndipo musungunulemo paketi yonse. Kuti samaliza si vuto. Zotsala muzitaya pakatha maola 24. Pitirizani kuyamwitsa, ndipo akafooka, maso akalowa m'kati kapena akakana kumwa, thamangirani kuchipatala.

Funso: Ndili pa ma ARV. CD4 yanga ndi 450, viral load ndi 800. Kodi ndiye kuti tizilombo tachuluka kuposa asilikali a m'thupi? Bambo wa ku Zomba.

Yankho: Ayi bambo. Manambala awiriwa sanayezedwe m'mbale imodzi. CD4, chomwe ndi chiwerengero cha asilikali a m'thupi, imawerengedwa mu microlitre imodzi ya magazi. Kameneka ndi kamuyeso kochepetsetsa: mu ml imodzi muli ma microlitre 1,000, mu lita muli 1,000,000, ndipo dontho limodzi lokha lili ndi pafupifupi 50. Viral load, chomwe ndi chiwerengero cha tizilombo ta HIV, imawerengedwa mu ml yathunthu. Tikaika zonse pa muyeso umodzi, 450 kuchulukitsa ndi 1,000 ndi asilikali 450,000 mu ml iliyonse, pamene tizilombo ndi 800.

Komabe 800 yo musaigonere. Chomwe timafuna ndi chakuti tizilombo tisaonekenso pa makina. Tizilombo tikapitirira 1,000, timayamba kukayikira ngati mankhwala akugwira ntchito. Mukambirane momasuka ndi a kuchipatala chanu za masiku amene mwina mumadumphitsa kapena kuchedwa kumwa, ndipo mufunse tsiku loyezetsanso magazi.