Ndibwerere ku Inhaca kapena ndingosunga zomwe ndikukumbukira?

FUNSO: Akonzi, ine nthawi imene ndinali pasukulu ya ukachenjede ndinakhalako miyezi itatu pa siteshoni ya kafukufuku wa zam'nyanja ya pachilumba cha Inhaca ku Mozambique, ntchito yanga inali yowerenga nkhanu m'matope. Papita zaka zambiri koma malo amene aja sandichoka mumtima, mpaka ndimalota. Pano ndasungako kandalama ndipo ndikufuna ndipitenso, koma ndili ndi mantha kuti mwina ndikapeza zonse zinasintha ndiye ndikangodzipweteka mtima. Ndipite kapena ayi? Ndine mayi wa ana awiri.

YANKHO: Achemwali, pitani. Ndanena poyambirira pomwe kuti musavutike kufunafuna yankho mmunsimu.

Mantha anuwo ndawamva ndithu, ndipo zoona zake nzakuti zina mukazipeza zitasintha, anthu amene ankakuphikirani kapena kukuyendetsani pa boti mwina ena anapuma ntchito, ena anasamuka. Zimenezo zimawawa, sindikunamizani. Koma taganizani kuti chimene munakonda kwenikweni chinali chani. Mwanena nokha kuti munkawerenga nkhanu. Nkhanuzo zilipobe mmatope a ku Saco da Inhaca pakati pa mitengo ya mangrove, ija yomera mmatope a madzi amchere, madzi akaphwa zimatuluka mmaenje mwake zambirimbiri, zazimuna zikukweza chidzanja chimodzi chachikulu chija ngati zikukuitanani, mukangosuntha phazi zonse zii kulowa pansi, mukaima duu kwa mphindi ziwiri ziyambanso kusuzumira imodzi imodzi. Ine zimenezi zimandigwira mtima kuposa nyumba iliyonse.

Siteshoniyo inatsegulidwa mu 1951 ndipo pano ili mmanja mwa Universidade Eduardo Mondlane, ndiye musangotulukira ngati mlendo wodutsa, alembereni kaye kudzera ku yunivesiteyo, muwauze chaka chimene munalipo ndi kafukufuku amene munkachita. Ngati muli ndi kope lanu lakale la manambala kapena zithunzi, tengani. Izi ndikutsindika chifukwa pa ntchito ya zachilengedwe zolemba zakale nzamtengo wapatali, munthu sangadziwe ngati udzu wa m'nyanja ukuchepa kapena mangrove akubwerera mmbuyo popanda chofananitsa nacho, ndiye kope limene inu mukuliona ngati la fumbi likhoza kuthandiza mwana wasukulu amene ali kumeneko lero. Kanyumba kosungiramo zigoba, makorali (tizamoyo ta m'nyanja tomanga matanthwe) ndi nsomba za mmabotolo kaja mukakaonenso, anawo akasangalala nako ngati mukuwatenga.

Tsopano za ulendo. Chilumbachi chili pamtunda wa makilomita opitirira pang'ono 30 kuchokera ku Maputo, kutsidya kwa Maputo Bay, ndipo chilichonse kumeneko chimayendera madzi kudzadza ndi kuphwa, inu mukudziwa kale. Onani tebulo la mafunde musanasankhe masiku. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene ndi pamene madzi amaphwa kwambiri, kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita atatu, mchenga umayalika kutali ndipo amayi amatsika ndi ndowa kukatola nkhono ndi nkhanu, nthawi imeneyo ndiye yabwino kwa munthu ngati inu. Nsapato zolowa nazo mmadzi musaiwale, zigoba zimacheka, komanso boti likafika madzi ataphwa mumatsikira patali nkuyenda mmadzi ndi chikwama pamutu.

Nyengo nayo musankhe malinga ndi chimene mtima ukufuna. Anamgumi amadutsa kunyanja yaikulu nthawi yozizira, cha mu Julaye mpaka Okutobala. Akamba a m'nyanja amakwera kumchenga wa kum'mawa kukaikira mazira nthawi yotentha, kuyambira cha mu Novembala, ndipo mukawapeza usiku chonde osawaunika ndi tochi ya foni, amabwerera osaikira.

Pa makorali pokha ndikuchenjezeni kuti mukonzekeretse mtima. A ku Barreira Vermelha ndi ku Ponta Torres ali m'gulu la makorali a kummwera kwambiri padziko lonse, ndipo amakhala movutikira kale chifukwa mitsinje ya Incomati, Umbeluzi ndi Maputo imathira matope mu bay momwemo, madzi akatentha mopyola makorali amayera nkufooka. Mwina mukapeza pena pali bwino pena ayi. Chotonthoza nchakuti kuyambira 2009 madzi ozungulira chilumbachi analowa mmalo otetezedwa a m'nyanja ochokera ku Ponta do Ouro, ndiye osaponda korali, osatola chigoba chamoyo olo chikongole bwanji.

Tsiku loyamba musadzipanikize ndi mapulogalamu. Dikirani madzi aphwe, muyende wapansi mmbali mwa nyanja kuchokera kumudzi kulowera ku siteshoni, mudutse pansi pa zitunda zofiira zija za ku Barreira Vermelha pang'onopang'ono, misozi ikabwera ilekeni ibwere. Mukabwerako mutilembere, ine ndikufuna kumva kuti nkhanu za ku Saco munazipeza bwanji.