Malipiro oyamba safika onse m'thumba

Mtsikana wina wandilembera pa imelo. Wamaliza koleji, wapeza ntchito ku Lilongwe, ndipo pa kalata alembapo K450,000 pamwezi. Akufunsa ngati angakwanitse nyumba ya K200,000 ku Area 25, komanso atani ndi achibale amene ayamba kale kumuimbira.

Achemwali, zabwino zonse pa ntchitoyo. Koma ndalama ya pa kalatayo simudzaiona yonse. Isanalowe mu akaunti, abwana amadulapo msonkho wa PAYE wopita ku MRA, kenako 5 peresenti ya penshoni. Lamulo limati iwonso aziikapo 10 peresenti yawo. Pakatha miyezi ingapo, kapempheni sitetimenti ku kampani yosunga penshoniyo, chifukwa mabwana ena amadula pa payslip koma osatumiza. Ngati munaphunzira ndi ngongole ya Loans Board, nayonso ikukudikirani. Pitani kwa a akaunti mawa lomwe akuuzeni yotsala, ndipo bajeti yanu iyambire pamenepo.

Za nyumbayo ndikuti ayi, pakadali pano. Muli pa probation, nthawi yokuyesani pa ntchito, ndipo malinga ndi Employment Act ya 2000 nthawi imeneyi itha kufika miyezi 12, ntchito n'kutha popanda notisi. Eninyumba ambiri amafunanso ya miyezi itatu pakamodzi. Gawanani nyumba ndi mnzanu kaye, ndipo yang'anani pomwe mungakwere minibasi imodzi yokha, poti kuchedwa m'mawa kumaonekera msanga kuposa digiri.

Mwezi woyamba ndiye wowawa. Ine ndinayamba pa 3, malipiro kubwera pa 28. Ndinakatenga katapila kwa mkulu wina wa pa ofesi pomwepo kuti ndigule nsapato ndi jekete, ati ndioneke ngati munthu. Tsiku lolandira anandidikira pa geti, kope lake m'manja. Theka la malipiro linapita ndisanagule ngakhale thumba la makala.

Nkhani ya achibale ndiyo yovuta, ndipo sindingakuuzeni kuti muwakane. Ena mwa iwo anagulitsa mbuzi kuti mulipire fizi. Chomwe chimapha ndi timauthenga ta pa WhatsApp, lero K5,000 ya chigayo, mawa K10,000 ya mayeso a mwana wa amalume, Mpamba ndi Airtel Money zikungolira. Khalani pansi ndi amayi, muwauze ndalama imene mudzatumize mwezi uliwonse, ndipo ena onse azidzera kwa iwo. Musawauze za K450,000 ija. Ikangomveka kumudzi, aliyense aziwerengera imeneyo.

Kusunga kuyambe tsiku lolandira, ngakhale K20,000, mu akaunti ina yopanda khadi. Chipereganyu cha ku ofesi chilibwino ngati mukuwadziwa anthuwo. Kungoti kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho ikafika ndime yanu, ndalamayo musaigoneke. Gulani matiresi ndi mbaula.