Kodi ndingawedze ndi kusaka ku mapiri a Drakensberg?

FUNSO: Kwathu ndi ku Mangochi, kumene ndinakulira usodzi, koma tsopano ndikugwira ntchito kuno ku Johannesburg. Anzanga akuti ku mapiri a Drakensberg kuli malo a boma kumene amalola kuwedza nsomba ndi kusaka nyama. Kodi n'zoona, nanga mlendo ngati ine angaloledwe?
Wowerenga wa ku Rosettenville

YANKHO: Bambo, pa za nsomba anzanuwo anena zoona, koma pa za nyama akusokeretsani. Malo amene akunenawo ndi nkhalango yotetezedwa ya uKhahlamba-Drakensberg, ya mahekitala oposa 240,000, yomwe imayang'aniridwa ndi Ezemvelo KZN Wildlife, bungwe la boma la chigawo cha KwaZulu-Natal. Chigawo chake chapafupi kwa ife ndi Royal Natal, ulendo wa maola pafupifupi 4 pagalimoto, kudzera mumsewu wa N3 mpaka ku Harrismith.

Kuwedza n'kololedwa kwa aliyense, mlendo yemwe, bola alipire polowera ndi kugula chiphaso. Komabe usodzi wake ndi wosiyana kwambiri ndi umene munazolowera kunyanja. Nsomba yofunidwa kumeneko ndi trout, yomwe azungu anabwera nayo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo imakhala m'madzi ozizira ndi oyera okhaokha, monga mmene zilili kwathu ku Chelinda, pa Nyika, ndi paphiri la Zomba. Ukonde ndi khoka n'zoletsedwa, ngakhale nyongolotsi saloleza. Nyambo yake ndi kambedza kokulungidwa ndi nthenga ndi ulusi kuti kaoneke ngati kachilombo, ndipo msodzi amakaponya mofatsa kuti katere pamadzi osachita phokoso, chifukwa madziwo ndi oyera moti nsomba imamuona munthu ali patali. Mufunsenso ku ofesi kuti mungatenge zingati patsiku.

Kusaka ndiye ayi. Giant's Castle, mbali ina ya nkhalangoyi, inakhazikitsidwa mu 1903 pofuna kupulumutsa ntchefu zomwe alenje anatsala pang'ono kuzitha, choncho wopezeka ndi agalu a uzimba kapena makhwekhwe amamangidwa. Kusaka kovomerezeka kumachitika kwambiri m'mafamu a nyama, pamtengo wokwera, ndipo lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limafuna kuti wopempha chiphaso akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo, nzika ya dziko lino la South Africa kapena wokhala ndi chilolezo chokhala m'dzikoli mokhazikika. Ambiri mwa ife tilibe chilolezo chimenechi, ndipo ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musabwereke mfuti ya munthu wina, popeza mlandu wake ungakutayitseni ntchito ndi mapepala omwe.