Sitovu ya gasi yochokera ku Leeds: bambo alumikize okha kapena tiitane mmisiri?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, mu Harare muno, amene anasaina kuti Nabanda. Mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ku Leeds, ku Britain, wawatumizira sitovu ya gasi ya malo anayi ophikira, yokhala ndi uvuni, ndipo bambo a kunyumba, amene agwira umakaniki kwa zaka zambiri, akufuna kuboola khoma la khitchini, kuika silinda ya makilogalamu 48 panja, n'kulumikiza okha Loweruka likubwerali. Funso lawo analilemba motere: "Kodi n'kofunikadi kutaya madola poitana mmisiri, pamene bambo amaphwasula injini ya galimoto n'kuibwezeretsa bwinobwino?"

Anabanda, pa ntchito imene mwafotokozayi itanani mmisiri wa gasi wokhala ndi chiphaso. Sindikukayikira manja a bambo ayi, ndipo sindili m'gulu la anthu amene amati chilichonse chokhudza gasi chimafuna katswiri. Chiyambire 2019, pamene madzi anachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba ndipo magetsi a ZESA ankathima mpaka maola 18 pa tsiku, mabanja ambiri mu Harare muno anagula kasitovu ka malo awiri ndi silinda ya makilogalamu 5 kapena 9, nalumikiza okha, ndipo mwa iwo muli ine. Ngati silinda yaima pambali pa sitovu, ndipo pakati pake pali regulator (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi potuluka mu silinda) ndi paipi yaifupi imene mukuiona ndi maso kuyambira uku mpaka uko, munthu wamkulu aliyense wosamala angathe kuigwira ntchitoyo. Chofunika ndi kugula paipi yopangidwira gasi, osati hosipaipi yothirira ndiwo, kuimanga mbali zonse ziwiri ndi zomangira zake zachitsulo, osati waya kapena malegeni, ndi kukumbukira kuti regulator ya masilinda amenewa imamangidwa pozungulitsa chakumanzere, mosiyana ndi mabawuti amene bambo anazolowera. Mukatero mumasungunula sopo wotsukira mbale m'madzi, n'kupaka thovu pa mfundo iliyonse silinda ili yotsegula. Thovu likamatukumuka ngati kamwa la chule, ndiye kuti gasi akutuluka.

Ntchito yanuyi ndi ina, ndipo kusiyana koyamba kuli m'kati mwa sitovu yeniyeniyo. M'nyumba zambiri za ku Britain amaphikira gasi wodzera m'mapaipi a pansi pa msewu, amene ndi wa mtundu wina ndi amene timadzazitsa m'masilinda kuno. Wathuyu, wotchedwa LPG, ndi propane wosakaniza ndi butane, ndipo amatentha kwambiri kuposa winayo, komanso regulator yake imamutulutsa pa mphamvu yokulirapo. Pa chifukwa chimenechi timitu tamkuwa timene timalavula gasi pansi pa malo ophikira, timene amisiri amati ma jet, timakhala ndi mabowo aakulu pa sitovu ya ku Britain ndi aang'ono pa sitovu ya LPG. Mukalumikiza sitovu yanuyo osasintha timitu timeneti, moto umatuluka wautali, wachikasu, wodetsa mapoto ndi mwaye, ndipo moto wotere umatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha, suoneka, koma umapha munthu m'khitchini yotseka mazenera monga timachitira mu Juni ndi Julayi. Fufuzani m'katoni mmene munabwera sitovuyo, chifukwa opanga ambiri amaika ma jet a LPG m'kapepala kapulasitiki pamodzi ndi buku la malangizo. Kusintha a pamwamba si kovuta kwenikweni, koma a mu uvuni ali pobisika, ndipo pambuyo pake pamafunika kuchuna kasikuluwu ka kuseri kwa chotsegulira chilichonse kuti moto wochepa usamazime wokha gasi n'kumapitirira kutuluka. Apa ndi pamene anthu aluso amene sanaphunzire za gasi amapunthwa, popeza sitovu imayaka ndithu ndipo munthu amaona ngati wamaliza.

Chachiwiri ndi khoma. Paipi yalabala siyenera kudutsa m'khoma, pakuti njerwa ndi simenti zimaipala pang'onopang'ono, makoswe amaitafuna, ndipo mbali imene yabisikayo simungaipake sopo. Podutsa khoma pamafunika paipi yamkuwa kapena ina yovomerezeka pa gasi, yolowetsedwa m'chimake chotetezera, ndiponso valavu m'khitchini pafupi ndi sitovu kuti muzitha kutseka popanda kuthamangira panja usiku. Mmisiri weniweni akamaliza kulumikiza amatseka mbali zonse, n'kuika geji yoyezera mphamvu ya mpweya, n'kudikira kuti aone ngati ikutsika. Kuyeza kumeneku kumagwira ngakhale kabowo kamene thovu la sopo silingakafikire.

Ndikukakamira pa nkhani ya kudontha chifukwa cha khalidwe la gasi ameneyu. Ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho akatuluka sakwera kudenga ngati utsi, koma amayenderera pansi ngati madzi, n'kukadikha kunsi kwa makabati, kuseri kwa firiji, kapena m'ngalande ya madzi otsukira mbale. Mu silinda amakhala wamadzimadzi, ndipo lita imodzi ikatuluka imasanduka malita pafupifupi 250 a mpweya. Akangofika magawo 2 mwa magawo 100 a mpweya wa m'chipinda, kam'thetheka kamodzi n'kokwanira. Tsono lingalirani usiku wa kuno kwathu: magetsi athima tsiku lonse, banja lagona, kenaka cha m'ma 10 koloko magetsi abwera, firiji n'kudzuka yokha. Fungo loipa limene timalimva lija amachita kuthiramo dala kuti litichenjeze, koma limathandiza munthu amene ali maso.

Ineyo ndinapulumukira m'kamwa mwa mbuzi pamene ndinkachita lendi ku Glen View. Ndinagula regulator yotchipa kwa mnyamata wina wa pa msika, ndipo sindinaone kuti kalabala kakuda ka kumphuno kwake kanali kong'aluka. Ndinaimanga mwamphamvu ndi sipanala, ndikuganiza kuti kulimbitsa ndiko kutseka, pamene regulator ya mtundu umenewo imafuna dzanja lokha. Amene anandipulumutsa ndi mwana wanga wa zaka zinayi, amene ankasewera pansi ndi timagalimoto tawaya, nanena kuti m'nyumba mukununkha kabichi wowola, ine woimirira osamva kanthu. Nditapaka sopo, thovu linatumphuka pamfundo pomwepo. Imeneyo inali silinda ya makilogalamu 5 ndi mfundo zitatu zokha, zonse zoonekera. Inu mukunena za makilogalamu 48 ndi mfundo zingapo, zina zobisika.

Palinso mbali ya malamulo. Bungwe la ZERA ndilo limayang'anira nkhani za gasi m'dziko muno, motsatira lamulo lotchedwa Statutory Instrument 57 ya 2014, ndipo limapereka ziphaso kwa ogulitsa gasi komanso kulembetsa amisiri oika zipangizo zake. Ngati nyumba yanu ili pa inshuwalansi, kapena muli ndi malodja m'zipinda za kuseri monga zilili m'nyumba zambiri za ku Mufakose, pepala losonyeza kuti ntchito inagwiridwa ndi munthu wovomerezeka lidzakhala mboni yanu tsiku limene padzabuke funso la amene analumikiza.

Komabe si aliyense wonyamula chikwama cha masipanala amene ali mmisiri wa gasi, ndipo ena mwa anyamata amene amadzaza masilinda m'makona a misewu amadzitcha akatswiri. Musachite manyazi kupempha kuona chiphaso chake, ndipo mufunse anthu awiri kapena atatu mitengo yawo musanasankhe. Mumuuze asanabwere kuti sitovu ndi yochokera ku Britain, ndipo mumvetsere yankho lake. Akayamba yekha kufunsa za ma jet, mwapeza munthu. Akanena kuti sitovu ndi sitovu basi, mumuthokoze ndi kufuna wina. Tsiku la ntchito muone kuti wayeza ndi geji, wayatsa malo onse anayi pamodzi ndi uvuni, moto uli wobiriwira ngati thambo ndipo suzima mukauchepetsa kapena mukatseka chitseko cha uvuni, ndiponso kuti wakusiyirani chikalata chosainidwa.

Za bambo, amene mwati akuona ngati mukuwanyoza, ntchito yawo ilipo yambiri ndipo ndi imene ingachepetse mtengo wa mmisiri. Silinda ya makilogalamu 48 ikadzaza imalemera pafupifupi makilogalamu 100, ndiye imafuna kakhonde kasimenti kosalala kuti iime chilili, tcheni choigwira kukhoma, ndi khola lazitsulo lolowa mphepo lokhala ndi loko, pakuti akuba masilinda sagona mu Harare muno. Zonsezi bambo angazichite bwino kuposa amisiri ambiri a gasi. Koma malo ake asankhe mmisiri poyamba, chifukwa silinda siyenera kuyandikana ndi chitseko, zenera lotseguka, ngalande, kapena bokosi la magetsi, ndipo khoma limene bambo aliyang'ana kale mwina ndi lomwe lili pamwamba pa ngalande ya sinki. Choncho Loweruka lino asaboole kanthu. Atsegule katoni, apeze kapepala ka ma jet ndi buku la malangizo, awerenge kachizindikiro ka kumbuyo kwa sitovu kamene kamanena mtundu wa gasi umene inachunidwira, ndipo pakadali pano nsima ipitirire kuphikidwa pa kasitovu kakale kaja.